Galimoto ya Amalume Anu Inagona pa Mishoni

Tereza, Pio ndi iwe Lusiya, mwakhala mukundifunsa chimene chinalowa pakati pa ine ndi amalume anu a Mathiyasi, ine n'kumakuyankhani za mvula ndi za mitengo ya feteleza. Lero ndikuuzani. Koma mupirire pang'ono, chifukwa nkhani ya galimoto ija simungaimvetse ngati simukudziwa kumene ndinaphunzirira kumvera injini. Za ubwana wanga ndazilumpha dala, mulibemo choti mungatole kupatula matekenya.

1978, Mikolongwe

Ntchito yanga yoyamba inali pagalaja ya pamalo a boma owetera ziweto, kufupi ndi kwathu kumene ndinabadwira. Tinkakonza mathirakitala, lole yotuta zakudya za nkhuku ndi ng'ombe, ndiponso injini ya pampu ya madzi imene inkadwala kuposa ife tonse. Bwana wathu anali a Chikopa, bambo wamfupi, wamimba, wosachedwa kupsa mtima koma wosasunga mangawa. Zipangizo zinali zosowa. Gasiketi, chotsekera mipata pakati pa zitsulo za injini, tinkadula pa katoni, bawuti ikagwa mu fumbi tonse tinkagwada kuisaka ngati yagwa ndi singano ya mayi. Ukataya sipanala, a Chikopa ankakutuma kuti ukaimirire pamene inali kukhala sipanalayo mpaka uikumbukire kumene waisiya.

Koma chimene anandisiyira bambo amene uja si ukali wawo. Iwo anali ndi lamulo limodzi lomwe madalaivala ankadana nalo: galimoto ikabwera yotentha, sankainena kanthu. Dalaivala ankatha kulongosola matenda onse, kulumbira, kuloza wotchi, a Chikopa n'kungoti, “Isiyeni igone. Tikambirana nayo mawa.” Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake, poti ine ndinkaona ngati ndi ulesi chabe. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. “Iwe Namakhwa, injini yotentha ili ngati munthu amene wamwa kale tiyi, amaseka ndi aliyense. Ukafuna kudziwa mtima wake, umupeze asanasukusule.” Kuyambira pamenepo ankandiitana m'mamawa, mame asanaume, kuti ndiime pambali pamene iwo akuliza injini. Ndinkayang'ana mtundu wa utsi, ndinkamvera ngati yadzuka msanga kapena yayamba yatsokomola. Ndinakhala nawo zaka zambiri ndithu, ndipo sindikumbuka kuti anandiyamikirapo, koma tsiku limene ankapuma ntchito anandipatsa bokosi lawo la masipanala.

1984, Njuli

Chaka chimenechi ndinakwatira amayi anu, Veronika, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinasamuka kukakhala kwawo ku Njuli. Inu mwabadwira pamalopo, ndiye mumangoti ndi kwanu, ndipo n'zoona, ndi kwanu. Kwa ine kunali kuchikamwini. Dothi ndi la akazi ndi ana awo, ndipo woyang'anira zonse ndi mlongo wawo wamwamuna, mwinimbumba. Kwa amayi anu mwinimbumba anali achimwene awo a Mathiyasi. Iwowo ankakhala kwa akazi awo kupitirira pa Boma, koma nkhani iliyonse ya pamudzi wa ku Njuli, ya munda, ya maliro, ya ukwati, inkadikira iwo.

Ndinene mosabisa, a Mathiyasi anandilandira bwino. Ndi iwo amene anayenda nane mu udzu n'kundilozera kuti, “Alamu, mangani apa, madzi sadikha.” Anandibwereka dimba la kumtsinje lija munkadyera kabichi ndi tomato. Atabwera ku Joni kumene anakagwirako ntchito, anagula chigayo pa Njuli pompo, ndipo injini yake ndinkaikonza ndine Loweruka lililonse, malipiro ake n'kukhala nthabwala ndi gaga wa nkhuku. Tinkagwirizana moti anthu ankatiyesa apachibale enieni. Nditayamba kuumba njerwa, amalume anga a ku Mikolongwe anabwera kudzandiona n'kundikokera pambali. “Mphwanga, mkamwini asamakule mwendo. Nyumba ya njerwa sungaisenze pamutu tsiku lokuuza kuti zipita.” Ndinawaseka. Ndinamanga nyumbayo, ndinafolera malata, ndinabzala mango ndi mapeyala, ndipo ndinkagona tulo tabwino.

1991 mpaka 2017, pachipatala cha mishoni

Ndinalembedwa pachipatala cha mishoni ngati makaniko, koma pamalo ngati amenewo makaniko ndiye dalaivala, ndiye wokonza jenereta, ndipo Sisitere akafuna ndiwenso wopha njoka. Mkati mwa sabata ndinkagona m'kanyumba ka kuseri kwa galaja, Loweruka n'kupalasa njinga kubwera kwa inu. Mabwana anga anali masisitere. Anadutsapo angapo, ena ofatsa, ena oti ukawaona patali umayamba kupukuta chinthu choyera kale. Womaliza anali a Sisitere Imakulata, mayi wamtali wa kwathu konkuno, wolankhula pang'ono, amene sankadziwa kanthu za injini ndipo sankanamizira kuti akudziwa.

Ambulansi yathu inali galimoto yakale yokoka matayala onse anayi. Ntchito yake yaikulu inali kukatenga amayi amene kubereka kwawavuta kumidzi ndi kuzipatala zazing'ono. Misewu ya kwathu kuno mukuidziwa, chilimwe ndi fumbi, dzinja ndi makande oti ngakhale ng'ombe imaganiza kawiri. Tinaona zosowa zamitundumitundu. Panali zaka zimene tayala tinkalisoka ndi waya. Panali nthawi ija dizilo anasowa dziko lonse, ine n'kumakhala pamzere ku Limbe ndi zigubu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pobwerera Sisitere n'kumayeza ndi kamtengo mu thanki kuti aone ngati tingayankhe kuitana kwa kutali kapena ayi.

Ulendo umodzi sunandichoke mumtima. Linali dzinja, masana ndithu, tinatenga mayi wina kumudzi wa kuseri kwa phiri. Tili pachitunda, m'matope, injini inatentha n'kuzima. Ndinayesa zonse zimene a Chikopa anandiphunzitsa, koma inangoti zii. Amuna a m'mudzi wapafupi anabwera ndi machira n'kumunyamula mayiyo, nesi akuthamanga pambali ndi botolo la madzi m'mwamba, ine m'mbuyo ndi manja anga amafuta opanda ntchito. Mayiyo anapulumuka, koma mwana sanafike wamoyo. Palibe amene anandiloza chala, galimotoyo inali yotheratu ndipo aliyense ankadziwa. Koma kuyambira tsiku limenelo, ndikamva injini ya ambulansi ikusintha mawu pokwera, ndinkakumbukira mwana uja.

June 2016

Lamulungu lina Bambo Mfumu analengeza m'tchalitchi kuti anthu akufuna kwabwino athandiza chipatala kuti chigule ambulansi ina. Yatsopano sikanatheka, ndiye ankafuna yogwirapo kale ntchito koma yolimba. Nkhani inafalikira, n'kufika kwa amalume anu. Osandiuza ine, osauza amayi anu, anagulitsa chigayo chija n'kukagula galimoto kwa anyamata ena ogulitsa magalimoto ku Limbe, poganiza kuti akaigulitsa kumishoni adzagula chigayo chachikulu chamagetsi n'kutsalanso ndi kena kake.

Anabwera nayo Lachisanu masana. Inali yoyera mbee, matayala atsopano, ndipo akaponda mafuta inkaimba kamluzu kochokera ku tebo, kachipangizo kokhala ngati nkhono kamene kamakankhira mpweya wambiri mu injini kuti ikhale ndi mphamvu. Manesi anatuluka kudzaona. A Mathiyasi anatsegula boneti n'kuonetsa Sisitere kachitsulo kolembedwa kamene opanga amakhoma pagalimoto. “Onani apa, Sisitere, injini yake ndi ija yaikulu, yamphamvu. Iyi matope imawaona ngati phala.” Sisitere anagwedeza mutu n'kutembenukira kwa ine. “Bambo Namakhwa, ine ndimadziwa odwala. Izi mawu omaliza ndi anu.” Ine ndinati galimotoyo igone pamishoni, ndiione m'mawa. A Mathiyasi anaseka kwambiri. “Alamu, mwayamba liti kundiyesa wakuba?” Ndinawauza kuti ndi mwambo wa ntchito basi, ngakhale ikanabwera ndi a Bishopu ikanagona. Anandiponyera makiyi akusekabe, n'kukwera kabaza kupita kumsewu.

Pano ndikufotokozereni pang'ono, mungakhale si amakaniko. Opanga galimoto za mtundu umenewu anapanga mainjini awiri a dizilo ofanana ngati ana a mimba imodzi. Kukula n'kumodzi, mapisitoni, zitsulo zokwera ndi kutsika m'kati mwa injini, asanu ndi imodzi onse, ukangoyang'ana mwachangu sungasiyanitse. Yoyamba ilibe tebo. Ndi yaulesi, pachitunda imakwera ngati nkhalamba, koma siifa wamba, ndipo dizilo wauve imangomeza. Yachiwiri inabadwa ndi tebo, ndipo zam'kati mwake, makamaka mapisitoni, anazipanga zolimba kuti zipirire moto wochuluka. Ndiye pali anthu ochenjera amene amatenga yoyamba ija n'kuimangirira tebo. Imathamanga ndithu, imaimba mluzu, wogula n'kusangalala. Koma mapisitoni ake sanapangidwire moto umenewo, ndipo tsiku lina amang'ambika. Kachitsulo kolembedwa kaja kamanena injini imene galimoto inatuluka nayo kufakitale, sikadziwa zimene zachitika m'zaka za pambuyo pake.

Loweruka kunacha ndi chiperoni, nkhungu itatsika paphiri mpaka pampanda wa chipatala. Ndinakondwa, chifukwa kuzizira ndiye mboni yabwino. Injini yobadwa ndi tebo ija imadzuka ukangopotokola kiyi, ngakhale kuzizire bwanji. Inzake ija imafuna uyambe wadikira mahita atenthetse m'kati. Ndinalowa, ndinapotokola kiyi osadikira. Inazungulira, inazungulira, n'kutsokomola utsi woyera, osadzuka. Ndinazimitsa. Ndinayatsanso, ulendo uno n'kudikira mahita, ndipo inadzuka bwinobwino, mawu ake ofewa, osati kugogoda kouma kumene ndinkayembekezera. Mtima wanga unagwa pomwepo, koma ndinati mwina makutu akalamba.

Ndinatsegula boneti. Manozo, timipopi tothira dizilo mu injini, anali opotokolera ngati mabawuti, pamene a injini yamphamvu ija amapanikizidwa ndi tizitsulo pamwamba. Pampu ya dizilo inalibe kachipewa kamene kamakhala pa pampu ya injini yobadwa ndi tebo. Paipi yopititsa oyilo ku tebo inali yoboolera ndi manja, ndipo pamene tebo inakhala panali powotcherera, apaka utoto wakuda kuti pasaoneke. Ndinagona pansi ndi burashi ya waya n'kupala utoto pambali pa buloko, thupi lenileni la injini, pamene pamakhala nambala ya injini. Zilembo zoyambirira zinatuluka, ndipo zinanena zomwe utsi unali utanena kale. Inali injini yaulesi ija, ataiveka tebo ya eni ake.

Ndinakhala pa tayala lakutha kwa nthawi yaitali. Ndikuuzeni zimene ndinkaganiza, chifukwa sindikufuna muzindiyesa mngelo. Ndinali nditatsala chaka chimodzi kuti ndipume ntchito. Galimotoyo ikanatha kuyenda chaka, mwina ziwiri, mwinanso kuposa ngati dalaivala ali waulemu ndi phazi lake. Ikadzafa, ndani akanakumbuka kuti anaivomereza ndi Namakhwa? Akanangoti magalimoto akale ndi choncho. Sisitere sakanadziwa, ndipo ndinali wotsimikiza kuti nawonso a Mathiyasi sakudziwa, anawapusitsa ku Limbe ndi injini yotentha kale. Mbali inayi kunali nyumba yanga ya njerwa, yomangidwa pa dothi limene mwini mawu ake anali munthu amene wagulitsa chigayo chake chifukwa cha galimoto imeneyi. Ndinapita kwa Sisitere n'kuwapempha kuti yankho ndidzapereke Lolemba. Anandiyang'ana n'kuvomera.

Nditafika ku Njuli ndinapeza amayi anu akutonola chimanga pakhonde. Ndinawafotokozera zonse, iwo manja osaleka ntchito. Nditamaliza anati, “Bambo a Tereza, mukudziwa kuti achimwene alibenso china. Chigayo chapita.” Ndinati ndikudziwa. “Mukudziwanso kuti pano ndi pathu, si panu. Ine ndili moyo palibe angakugwedezeni, koma ine si mwala.” Ndinati nazonso ndikudziwa. Anatonola chitsononkho china mpaka kutha, kenako anafunsa kuti, “Injiniyo ingafe liti?” Ndinati zimenezo adziwa ndi Mulungu. “Nanga ingafere pati?” Ndinati pachitunda, m'matope, itanyamula, chifukwa mpamene imatentha kwambiri. Amayi anu anakutumula chitenje chawo n'kunena kuti, “Ndiye mukundifunsiranji ine? Mwayankha nokha.” Anandiikira madzi osamba, ndipo tsiku limenelo sitinaikambenso.

A Mathiyasi anabwera Lamulungu titaweruka ku Misa. Tinakhala pansi pa mango, awiriwiri. Ndinayamba ndi kuwauza kuti anawabera, ndipo ndinawafotokozera za utsi, za manozo, za nambala. Poyamba anakana, kenako anaimbira foni anyamata a ku Limbe aja, foni osalowa. Anayesanso, osalowa. Ndinaona nkhope yawo ikugwa, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa anali munthu wonyada amene sanazolowere kupusitsidwa. Ndinati, “Alamu, njira ilipo. Tichotse teboyo, injini ibwerere mmene inabadwira. Ikatero ndi injini yabwino zedi, ingakhale yaulesi. Tikawauze Sisitere zoona, mtengo utsike, koma mupezepo kanthu.” Iwo anapukusa mutu. Anati mtengo ukatsika, ngakhale chigayo chakale chija sichibwerera.

Kenako anasendeza mpando. “Alamu, galimotoyo ikuyenda kapena sikuyenda?” Ndinati ikuyenda. “Ndiye mukanena kuti ili bwino, bodza lili pati?” Ndinati bodza lili poti ine ndikudziwa chimene chili m'katimo. Anayang'ana nyumba, malata, mitengo ya mapeyala. “Malo ano ndinakulozerani ndine,” anatero mofatsa. “Dimba lija ndinakupatsani ndine. Sindinakupemphenipo kanthu zaka zonsezi. Lero ndikupempha mawu awiri okha.” Mukundidziwa ana inu kuti mtima wanga suchedwa kufika pakhosi. Ndinawayankha kuti, “Munandilozera malo, alamu, koma makutu angawa simunagule.” Anaimirira, anatsanzika amayi anu mwaulemu, ine osandiyang'ana.

Lolemba tinakumana mu ofesi ya Sisitere. Ndinanena zonse a Mathiyasi ali pomwepo, chifukwa sindinafune kuti adzamve kuti ndinawadya miseche. Ndinanenanso kuti iwo sanadziwe, ndipo ndinapempha Sisitere kuti aganizire zoigula titachotsa tebo. Sisitere anamvetsera mpaka kumapeto. Anati akumva chisoni, koma thandizo ndi la eni ake, ndipo sangagule galimoto imene injini yake ndi ina, zolembedwa zake n'kukhala zina. Choncho ngakhale kanjira kanga kapakati kaja kanatsekeka. Potuluka ndinawapatsira makiyi a Mathiyasi. Anawalandira n'kunena motsitsa mawu kuti, “Mwandivula, alamu.” Ndinawakumbutsabe kuti achotse teboyo isanawaphere injini, koma anali atatseka kale chitseko.

2017 mpaka 2021

Ndinapuma ntchito n'kubwerera ku Njuli kukakhaliratu. Chipatala chinapeza ambulansi ina patapita miyezi, yosaoneka bwino koma yoona. Pakati pa ine ndi amalume anu panalibe kutukwanizana, ndipo mwina kukanakhala bwino kukanakhalapo. Moni ankandipatsa, wa dzanja lozizira. Dzinja lotsatira dimba lija analipereka kwa mdzukulu wina, ati mnyamatayo wakwatira, akufunika poyambira. Pakakhala nkhani ya pamudzi, mpando wanga umene unkaikidwa kale pambali pa akuluakulu sunkatulukanso. Galimoto ija ndinkangomva kuti ikunyamula tomato ndi nandolo kuchokera cha ku Boma kupita ku Limbe. Akabwera ku Njuli ankaisiya kumsewu waukulu n'kulowa wapansi, moti sindinaimvenso kulira kwake. Amayi anu ankayenda pakati pa ife awiri ngati munthu wonyamula madzi odzaza m'ndowa, ndipo sanandinenepo kuti ndinalakwa ngakhale tsiku limodzi. Mu 2021 anatisiya, monga mukudziwa. Za imfa yawo sindilemba.

2022

Chaka chitatha, abale anasonkhana kuti andisudzule, ndiko kumasula mwamuna wofedwa kuti ukwati watha. Pamwambo umenewu mwinimbumba akatha kunena kuti takumasulani, amatha kuwonjeza kuti, koma musapite, khalani muzilera zidzukulu. Kwa munthu wokalamba ngati ine, amene wakhala pamudzi moyo wake wonse, kawirikawiri amatero. A Mathiyasi anaimirira n'kulankhula bwino kwambiri. Anati ndinasunga mlongo wawo mwaulemu, ndinaphunzitsa ana, sindinamenyepo munthu. Kenako anati, “Alamu athu tawamasula. Kwawo ku Mikolongwe nakonso akuwafuna.” Anakhala pansi. Ankhoswe anadikira mawu ena aja, amayi ena anakhosomola, koma mawuwo sanabwere. Iwe Pio unaimirira maso ali psuu, ndipo ndinakukoka malaya kuti ukhale pansi. Unandikwiyira, ndikudziwa.

Ndinakukhazika pansi chifukwa amalume anu sanaphwanye mwambo uliwonse, ndipo za galimoto sanatchule. Mwina akanandimasula chomwecho ngakhale popanda nkhani imeneyo, sindingalumbire. Koma ine ndikudziwa chimene ndikudziwa, ndipo zinandipweteka kwambiri, ndisakunamizeni. Chimene ndikukupemphani n'choti musawadane. Tereza ndi Lusiya, nyumbayo ndi yanu, dothilo ndi lanu, ndipo ana anu akadzadwala kapena kukwatiwa, wodzaimirira ndi iwowo. Anataya chigayo chimene anachivutikira ku Joni, ndipo munthu amene akanawapulumutsa ndi mawu awiri anakana. Mukanakhala inu mukanamva bwanji? Mukandifunsa ngati ndikanayankha mosiyana nditadziwa mathero ake, yankho ndi ayi. Koma sindinapambane kanthu, musamandiuze kuti ndinapambana.

Tsiku losamuka ndinali nditapangana ndi anyamata a kabaza kuti anyamule katundu pang'onopang'ono. Ndili mkati momanga matiresi, ndinamva galimoto ikulowa m'kanjira ka kunyumba, ndipo ndisanasuzumire n'komwe ndinaizindikira. Anali amalume anu, abwera okha kuti andiperekeze. Utoto unali utasuwa, kumbuyo kukununkha tomato. Tinakweza matiresi, njinga, sutikesi ndi bokosi la masipanala, inu mukulira pakhonde. Ndinakhala kutsogolo. Titangolowa mumsewu n'kuyamba kuthamanga, ndinatchera khutu. Kamluzu kaja kunalibe.

Tinadutsa pa Boma. Pachitunda china chachitali galimoto inayamba kukwera mwaulesi, anthu a njinga zamoto akutipitirira, koma mawu ake anali osalala, osasintha. A Mathiyasi anatsitsa giya, maso ali kutsogolo, n'kufunsa kuti, “Ikumveka bwanji, alamu?”

“Ikumveka bwino,” ndinatero. “Tebo munachotsa liti?”

“Chaka chomwe chija.”

“Ndiye ikusungani mpaka mudzatope nayo nokha.”

Anagwedeza mutu. Ndinaona ngati akufuna kunena china, ndipo ndisabise, ndinadikira. Pa mphambano iliyonse ndinkaganiza kuti mwina aima, akhota, anena kuti tiyeni tibwerere. Sanakhote. Tinafika ku Mikolongwe dzuwa lili pamutu. Anandithandiza kutsitsa katundu, bokosi la masipanala tinanyamula awiri, wina uku wina uku. Anapereka moni kwa azakhali anu, mlongo wanga, anakana tiyi ati tomato akuwadikira, n'kundigwira dzanja nthawi yaitali kuposa mmene anachitira zaka zonse zija. Ndinaima pamsewu kumvera injiniyo mpaka inazimirira kuseri kwa mabulugamu, ndipo sinaphonye ngakhale kamodzi. Kenako ndinalowa m'nyumba kukafunsa mlongo wanga poti ndiike bokosi langa.